Mutu 6: Minga pa Mpopi wa kwa Mzingo

1. Ndowa yopanda madzi

Loweruka m'mawa Tabeth anadutsa pampopi ndowa ili pamutu, koma sanaime. Mpopiwo unali utazingidwa ndi minga kuyambira pansi mpaka pachotsekulira. Amene anaika mingayo anali amayi a m'mudzi wa Mzingo, koma amene anachititsa anali Tabeth yemweyo.

Tabeth anali mtsikana wa Fomu 3, wanzeru ndithu, koma wokonda kuomberedwa m'manja ngati mmene mbuzi ikondera mchere. Kwawo kunali kutali ndi sukulu, choncho ankakhala ndi mchimwene wake Maliko, amene anali pachikamwini kwa Mzingo. Mkazi wa Maliko, Rozi, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Kutunga madzi a pakhomopo inali ntchito ya Tabeth.

Zonse zinayamba ndi pepala. Tsiku lina Maliko anabwera ndi sopo kuchokera ku Chipata, kumene ankakagula katundu wogulitsa, ndipo sopoyo anamukulunga m'tsamba la magazini ya Chingerezi. Tsambalo linali long'ambika pakati. Theka lotsalalo linkanena za klorini, mankhwala aja amathira m'madzi a pampopi. Linkati klorini akakumana ndi zinyalala zowola monga masamba, m'madzimo mumabadwa tizinthu tina tosaoneka ndi maso. Linkatinso akatswiri ena akuganiza kuti tizinthuto tingayambitse khansa ya chikhodzodzo, ndiponso kuti mwina tingachititse amayi kupita padera.

Lachitatu kusukulu kunali tsiku la makolo, ndipo Tabeth anaimirira m'malo mwa kalabu ya sayansi. Anayamba ndi Chingerezi chokuluwika, kenako anamasulira m'Chichewa. Sananene kuti akatswiriwo akungoganizira chabe, poti zoterozo sizikometsa nkhani. Sananenenso kuti pepala lake linali latheka.

"Makolo, madzi mukumwawa akukuphani pang'onopang'ono!" anatero, chala chili m'mwamba.

Anthu anaomba m'manja mpaka aphunzitsi aakulu anachita kuwaletsa.

Mawuwo sakanafika patali pakanapanda nkhani ya Rozi. Chaka chathacho Rozi anapita padera, ndipo mlandu unagwera Maliko. Akuluakulu a kuno amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene wake ali ndi pakati, amamusempha, mimba n'kuchoka. Nanga Maliko si uja ankagona ku Chipata masiku awiri kapena atatu? Iye anakana mpaka kugwetsa misozi, koma a Tereza, amayi ake a Rozi, sanamve. A Yoram, malume ake a Rozi, anatseka mlanduwo ndi chenjezo: akadzangomvanso kanthu, mkamwini adzanyamule bulangete lake azipita kwawo.

Tsono pa tsiku la makolo a Tereza anali pabenchi yakutsogolo. Atamva za kupita padera anagwira pakamwa.

"Kani ndi mpopi!" anatero. "Kani tinkamunamizira mwana wa eni ake!"

Tsiku lomwelo anapha nkhuku, m'chaka cha njala cha 2002 chimenechi, n'kutumiza kwa mkamwini wawo. M'mawa mwake mpopi unali ndi minga. Kuyambira pamenepo Tabeth ankatunga kudambo, ndipo ankayenda mapewa ali m'mwamba.

2. Chitsime cha kudambo

Chitsimecho chinali dzenje lothirira ndiwo za kudimba, losamangira ndiponso lopanda chivundikiro. Mvula ya Febuluwale inali itangokata, ndipo madzi othamanga kuchokera kumtunda anasiya mizere ya matope yolowera m'dzenjemo. Madzi ake ankaoneka ngati tiyi wothira mkaka pang'ono.

Pachitsimepo panali amayi asanu. Mmodzi mwa iwo anali a Anasi, mayi wa pakamwa posapuma, amene anatsogolera ntchito yodula minga.

"Wafika dokotala wathu!" anafuula a Anasi. "Mpatseni malo atunge. Pakanapanda mwana ameneyu bwenzi tonse titatha, kumangomwa poizoni uku tikuthokoza."

Tabeth anamwetulira n'kutula ndowa.

Nthawi yomweyo mumsewu wodutsa m'mphepete mwa dambo munatulukira ngolo, ng'ombe zikuthamangitsidwa ndi chikwapu. M'ngolomo munagona bambo wina pamphasa, mutu uli pamiyendo pa mkazi wake. Maso ake anali atalowa m'kati, milomo itauma gwa. Pansi pa ngolo pankadontha madzi oyererako ngati otsukira mpunga.

Kuseka konse kunatha. Amayi anangoima, zikho zili m'manja, mpaka ngolo inabisika kuseri kwa nthochi.

"Ndi wa kwa Kanyinda uyo," ananong'ona mayi wina. "Wachitatu sabata ino. Akupita naye ku tenti ya kolera kuchipatala. Woyamba uja sanafike n'komwe."

Mudzi wa Kanyinda unali kumtunda kwa dambo lomweli. Tabeth anayang'ana pamene panagwera madontho aja. Anagwera mumsewu, ndipo ngalande ya msewuwo inkatsikira kudambo, chakumtunda pang'ono kwa chitsime.

"Zimenezo n'za kwa Kanyinda, anthu osadziwa kusamba m'manja," anatero a Anasi. "Tunga, mwana iwe, alamu ako akudikira."

Tabeth anatunga n'kusenza. Pokwera mtunda mapewa aja anali atatsika.

3. Zimene zinali m'thanki

Pamphambano ya njira anapeza a Zakeyu atakhala pamwala. A Zakeyu anali mkulu wochepa thupi amene anasamalira thanki ya madzi a m'mipopi kwa zaka zoposa makumi awiri. Buluku lawo linali la mathothomathotho oyera chifukwa cha klorini, moti ana ankawatcha a Nkhanga, koma chamseri.

"Tula ndowayo, mwana wanga, unditsate," anatero.

Tabeth anafuna kunena kuti akumudikira kunyumba, koma mkuluyo anali atayamba kale kuyenda. Anakwera naye mpaka pathanki, pamene paipi yochokera kuphiri imathira madzi asanagawikane kupita m'midzi. A Zakeyu anatukula chitsulo chovundikira chipinda choyamba, momwe madzi amasefedwa ndi mchenga.

"Suzumira."

Mchenga sunkaoneka. Pamwamba pake panali masamba owola akuda bii, timitengo, ndi phulusa la moto wolusa wa m'chilimwe limene mvula inakokolola kuphiri. Fungo lake linamubweza Tabeth m'mbuyo.

"Sindinakuitanire kuti ndikukalipire," anayamba a Zakeyu. "Zimene unanena kusukulu si bodza lonse. Ifenso anatiphunzitsa pamene ankatipatsa ntchitoyi. Klorini akapeza madzi oyera amangopha tizirombo, basi. Akapeza zowola ngati izi amalimbana nazo, ndipo pamatuluka zina zosafunika m'thupi. Munthu akamamwa zimenezo zochuluka, tsiku ndi tsiku, kwa zaka makumi awiri kapena atatu, mwina angadzadwale. Ndikuti mwina. Za kupita padera ndiye madokotala eni ake sanagwirizane mpaka lero. Ena akuti zilipo, ena akuti sakuziona.

"Koma taona amene wabweretsa masambawa m'madzi mwanu. Kale mudzi uliwonse unali ndi tsiku lake lobwera kuno kudzachotsa zinyalala ndi kutsuka mchenga. Chibwerere matipate, ndikaitana anthu amandiyankha kuti, 'Thangata inatha, madala, ino ndi demokalase.' Ndatsala ndekha ndi fosholo imodzi ndi msana wothoka uwu. Madzi akada, ndimaonjezera klorini kuti tizirombo tisapulumuke. Ndilo fungo lija mumadandaula nalo. Ndikudziwa kuti si bwino, ndipo sindigona nazo tulo. Koma vuto limeneli limatha ndi mafosholo ndi manja a anthu. Mukachotsa masamba, klorini amafunika wochepa, ndipo tizinthu tako tija timachepa. Minga sichotsa tsamba ndi limodzi lomwe."

Tabeth anasuzumiranso masamba aja.

"Tsono tamvera za kolera," anapitiriza mkuluyo, mawu atatsika. "Kolera sadikira zaka makumi awiri. Mipopi isanabwere kuno, mkazi wanga woyamba anapita yekha kumunda m'mawa, akuimba. Masana ndinamunyamula kumubweretsa kunyumba. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya. Anali ndi pakati, ngati alamu akowo. Mayi wapakati akatsegula m'mimba mwa mtundu umenewo, madzi onse amatha m'thupi, ndipo kawirikawiri mwana ndiye amayamba kufa. Ine ndinaika anthu awiri m'manda amodzi. Ndicho chifukwa chake ndinavomera ntchito ya thankiyi."

Tabeth anaganiza za alamu ake. Kwa masiku atatu Rozi anakhala akumwa madzi amene iye ankatunga ndi manja ake.

"Bwanji osawauza anthu, agogo?" anafunsa.

"Ndayenda khomo ndi khomo kuyambira Lachinayi. Akuti nkhalamba ikuteteza ntchito yake. Mlangizi wa zaumoyo ali kutenti usana ndi usiku, sangabwere. Iwe anakukhulupirira chifukwa unayankhula Chingerezi pamaso pa aphunzitsi aakulu. Ine sangandimvere. Ngati pali munthu amene angachotse minga ija anthu n'kubwerera kumpopi, ndi iwe."

Atatsikira pamphambano paja, Tabeth anatenga ndowa yake n'kukhuthulira madzi onse muudzu.

4. M'chigafa

Maliko anali m'chigafa akusoka fodya, uku akuimba mluzu. Tabeth anali asanamumvepo akuimba mluzu kwa chaka chathunthu.

"Achimwene, ndili ndi mawu."

"Yankhulani, adokotala," anatero Maliko akuseka. Kenako anaona ndowa. "Madzi ali kuti?"

Tabeth anafotokoza zonse: ngolo, ngalande, masamba a m'thanki, ndi mkazi wa a Zakeyu. Singano ya Maliko inayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenako inaima.

"Ndiye ukufuna kutani?"

"Ndikachotse minga. Ndiwauze anthu kuti ndinanena theka chabe la nkhani."

"Wapenga kodi?" Maliko anaponya fodya pansi. "Ukudziwa chimene apongozi afunse? Afunsa kuti, ngati si mpopi, ndani? Chaka chonse ndakhala pamudzi pano ngati galu wakuba mazira. Ndikapereka moni anthu ankayankha akuyang'ana kumbali. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ya ine ndekha. Sindinalakwe, Tabeth, Mulungu akundiona. Masiku atatu okha ndayenda ngati munthu, ndiye iwe ukuti chiyani?"

"Nanga alamu akadwala?"

"Uziwaphitsira madzi mwakachetechete."

"Ndi nkhuni ziti, achimwene? Zouma zatsala mtolo umodzi, ndipo apongozi anu akuzisunga m'nyumba mwawo. Komanso alamu samwa pakhomo pano pokha. Dzulo pochokera kumunda anamwa kwa a Anasi. Mbale tikutsukira madzi omwewo, m'manja tikusamba omwewo. Kolera akalowa m'nyumba imodzi pamudzi pano, afika ndi kwathu."

Maliko anakhala pamulu wa mapesi n'kugwira mutu. Iye ankamukonda Rozi, ndipo Tabeth ankadziwa zimenezo. Anamumvera chisoni kwambiri moti anatsala pang'ono kubweza mawu.

"Dikira mwana abadwe," anatero Maliko mochonderera. "Miyezi iwiri yokha. Mwana akabadwa bwinobwino, palibe adzakumbukenso za chaka chatha. Ukadzatero udzanene zimene ukufuna."

"Bambo a m'ngolo aja dzulo anali bwinobwino."

"Taganiza za iwe mwini, tsono. Ukukhala pano chifukwa cha ine. Ndikachoka, nawenso uchoka. Sukulu uziyendera kuchokera kuti? Kwathu? Uzidzuka nkhuku zisanalire n'kukafika anzako akuweruka? Fomu 4 uiiwale."

Zimenezo Tabeth anali ataziganiza kale potsika kuthanki.

"Ine ndi iwe tinayamwa bere limodzi," anatero Maliko. "Usandichite zimenezi, mlongo wanga."

Tabeth anawerama n'kutola ndowa. Misozi inali ikutsika, koma sanaipukute.

"Mundikhululukire, achimwene. Alamu ndinawapatsa ndine madzi amenewo."

Anatuluka m'chigafa n'kulunjika pakati pa mudzi.

5. Pampopi

Dzuwa linali pamutu. Tabeth anatula ndowa pasimenti n'kugwira nthambi yoyamba. Amayi aja anamanga mingayo mwaluso, nthambi kulukana ndi inzake, ndipo analimbitsa ndi luzi. Pofika nthambi yachitatu zala zake zinali zikuchucha magazi.

Ana ndiwo anayamba kuona. Anathamanga kukanena, ndipo posakhalitsa anthu anali atazungulira mpopi. A Anasi anafika akumanga chitenje m'njira.

"Iwe! Ukutani? Wakulodza ndani?"

Tabeth anakoka nthambi yomaliza n'kuiponya pambali. Anatembenuka. Ulendo uno panalibe Chingerezi, panalibe chala m'mwamba.

"Amayi ndi abambo, ndinakulakwirani. Pepala ndinawerenga lija linali long'ambika, ndipo ine ndinaonjezera mchere kuti mundiombere m'manja. Zoti klorini akakumana ndi masamba owola amapanga zinthu zoipa n'zoona. Koma zimenezo zikavulaza munthu, ndi patapita zaka zambirimbiri, ndipo tingazichepetse tikapita kukathandiza a Zakeyu kutsuka thanki. Zoti madziwa amachotsa mimba palibe amene watsimikiza. Ndinanena ngati ndikudziwa, pamene sindikudziwa. Koma madzi a kudambo ali ndi kolera, ndipo ameneyo amapha tsiku lomwelo. Ngolo ija mwaiona nokha."

Kenako phokoso linabuka.

"Ana a sukulu! Lero ichi, mawa icho!"

"Akudyetsa chiyani a Nkhanga?"

"Tikatsuke thanki? Boma lili kuti?"

"Ine zala zanga zinatupa ndi minga imeneyi chifukwa cha iwe," anatero a Anasi, "ndiye lero ukundiuza kuti ndine chitsiru?"

"Chitsiru ndine, amayi," anayankha Tabeth.

Anatsekula mpopi. Unayamba watsokomola mpweya, kenako madzi anabwera ndi fungo lawo lija. Tabeth anatsuka magazi m'zala, anakapa madzi ndi manja n'kumwa anthu onse akuona. Atatero anatchera ndowa.

Palibe anaomba m'manja. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana, analowera kunyumba kwake n'kutuluka ndi ndowa, koma ataona maso a a Anasi anaima panjira. Tabeth anasenza madzi ake, ndipo anthu anamupatukira ngati wanyamula moto.

6. Pakhomo pa a Tereza

A Tereza anali pakhonde atafunda chitenje, ngakhale kunja kunkatentha. Rozi anali pamphasa akukonza nkhwani. Tabeth anatula ndowa pakati pa bwalo n'kugwada. Fungo la klorini linafika pakhonde iye asanatsekule pakamwa.

"Madzi awa ndi a kuti?" anafunsa a Tereza.

"A pampopi, amayi."

Tabeth anabwereza zonse zimene ananena pampopi paja. Ali mkati moyankhula, a Tereza anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Anabwerako akupukuta thukuta, n'kukhalanso pansi mwamphamvu.

Maliko anali atafika, koma anaima kuseri kwa nkhokwe. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Sakhala nawo pamphasa imodzi, sawayang'ana kumaso, ndipo pa zaka zitatu za ukwati wake Maliko anali asanagwirane nawo chanza a Tereza.

"Mwana iwe, tandimvera," anatero a Tereza. Mawu awo anali osasa. "Ine ndinakulandira pakhomo pano ngati wanga. Ukamapita kusukulu sindinakutumepo kumunda. Lachitatu unaima pamaso pa anthu a midzi isanu n'kunena kuti mpopi umachotsa mimba. Ine, mayi wamkulu, ndinakukhulupirira. Ndinachita manyazi kuti ndinazunza munthu wosalakwa. Ndinapha nkhuku yanga yomaliza, yoikira mazira, kupepesa. Ndinayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti Tereza analakwa. Lero ukubwera ndi ndowa yonunkha n'kumati munali m'masewera? Mukamaphunzira muzidziwa kuti zimene mumayankhula pagulu anthu amapita nazo kunyumba, amadyera pomwepo, amagonera pomwepo. Inu mukaweruka mumaiwala, ife sitiiwala. Ndinamusambitsa ndine mwana wangayu tsiku lija. Ndinakakwirira ndine kanthu kaja kudambo, ndi manja awa. Ndiye undiuze pompano. Ngati si mpopi, mdzukulu wanga anamupha ndani?"

"Sindikudziwa, amayi," anatero Tabeth. "Nthawi zina mimba imachoka popanda wolakwa."

"Zimenezo ukawauze anzako a kusukulu." A Tereza anatembenukira kwa mwana wawo. "Rozi, uwauze amuna ako kuti mawu a malume ako aja adakalipo. Mawa ndituma munthu kwa achimwene a Yoram."

Rozi anaika nkhwani pambali. Anadzuka movutikira, dzanja lili m'chiuno, n'kutenga chikho pathandala. Anatunga m'ndowa ya Tabeth n'kumwa mpaka chikho chinatha.

"Iwe Rozi!"

"Amayi, ngolo ija ndaiona inenso ikudutsa," anatero Rozi. "Za chaka chatha sindikudziwa. Koma mwana uyu ndikumufuna wamoyo."

Maliko anadikira kuti mkazi wake aonjezere mawu ena, oti mwamuna wanga sanalakwe. Rozi sanaonjezere. Izi zinamupweteka Maliko kuposa zonse zimene ananena apongozi ake.

"Musavutike n'kutuma munthu," anatero, akuyang'ana nkhokwe. "Sindizengedwa mlandu umodzi kawiri."

Analowa m'nyumba mwake n'kutuluka akukankha njinga, bulangete lili m'khwapa. Analipinda, analiika pakaliyala, n'kulimanga ndi mphira. Anadutsa pafupi ndi Tabeth, amene anali chigwadire, osamuyang'ana n'komwe.

A Tereza anadzukanso kuti apite kuseri kuja. Anayenda mapazi atatu. Pachinayi mawondo anapinda, ndipo anagwa chammbali pafupi ndi mtondo. Anasanza madzi okhaokha. Chitenje chawo chinanyowa kumbuyo, ndipo zimene zinayenderera padothi zinali zoyererako.

"Amayi!" anakuwa Rozi, n'kuyamba kuthamanga.

Tabeth anadzambatuka n'kumugwira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Musawakhudze, alamu! Ndi kolera! Imani pomwepo, ndiwagwira ndine!"

Anamukankhira kumbuyo, iye n'kugwada pambali pa a Tereza ndi kuwatukula mutu. Khungu lawo linali lozizira, ndipo miyendo inali itayamba kukokana.

Chipatala chinali kutali, ulendo wa maola atatu wapansi. Pamudzi ponse njinga yoyenda inali imodzi yokha, chifukwa ena onse anali atasinthanitsa zawo ndi chimanga. Njingayo tsopano inali kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo phazi la mwini wake linali kale papedulo.

"Achimwene!" anafuula Tabeth. "Bwererani! Muwanyamule!"

Maliko anaima, koma sanatembenuke.

A Tereza anatsekula maso pang'ono. "Asandigwire," ananong'ona. "Mkamwini asandigwire."

Rozi anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana msana wa mwamuna wake. Anamuitana ndi mfunda wake, monga ankachitira akakhala awiri.

"A Mwale. Mukapanda kuwanyamula inu, ndiwabereka ndine."

Anamasula chitenje chimene chinaphimba mimba yake, anachikutumula, n'kuyamba kuyenda kupita pamene panagona amayi ake. Tabeth sakanatha kumugwiranso, poti manja ake anali atadetsedwa kale.

Pansi pa mango paja, dzanja la Maliko linagwira mphira womangira bulangete n'kuyamba kuumasula.